Khushoni ya pa Mpando wa Kapolomya

Ba Shula anatumikira mzungu mmodzi zaka zoposa makumi anayi, mzungu amene sanamuonepo ndi maso, poti anamwalira iwo asanabadwe. Komabe m'mawa uliwonse ankavala tayi, n'kutsegula mawindo a nyumba yake, n'kupukuta mpando wake. Akamamutchula ankati "bwana wanga," ngati munthu amene wangopita ku positi ndipo abwera nthawi ina iliyonse.

Ine ndimasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango, kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi geti la nyumbayo. Ndinabwera kuno kalekale ndipo sindinasunthe. Zimene ndilembe pano ndinaziona ndili pa benchi langa, kupatula za masiku awiri amene ndinawoloka msewu.

Mzinda wathu pa mapu ndi Kasenshi, dzina la kamtsinje kamene kamadutsa kuseri kwa msika. Ufulu usanabwere unali Fort Pallister, ndipo okalamba mpaka lero amati "pa Palisita." Buku la kusukulu limati Cedric Pallister, bwana wa boma la Angelezi, anachokera kumwera ndi amtengatenga zana, pa ulendo wokamanga boma pa phiri lina kumpoto. Atafika pano anaimitsa machila, anatsika, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mzinda ukhale pompano.

Amene anakhalapo ku Kasenshi nyengo ya mvula amadziwa kuti munthu wa maso awiri sangasankhe malo ano. Ndi dambo. Udzudzu wake umaluma ndi masana omwe. Phiri limene ankapitako lili pa mtunda wa masiku awiri, kuli akasupe ndi mphepo yabwino, ndipo mpaka lero kumakhala anyani okha.

Chimene buku silinena n'chakuti bwanayo anali atatsegula m'mimba. Kwa masiku khumi ndi awiri, amtengatenga ankati akanyamula machila, asanamalize nyimbo imodzi, amva kukuwa kuti tsitsani. Atafika pa kamtsinje kathu thupi linakaniratu. Tenti inaima mwezi wathunthu. Makalata a akuluakulu ake anamupeza pomwepo, akufunsa chimene akuchedwera, ndipo iye, pochita manyazi kulemba zoona, anayankha kuti wapeza malo abwino kuposa phiri lija. Atalemba zimenezo sakanachokanso. Anamanga ndende, kenako nyumba yake, kenako ofesi ya msonkho. Chitsime anakumba chaka chachitatu.

Amtengatenga anamupatsa dzina. M'Chibemba kupolomya ndi kutsegula m'mimba, ndipo ka wa kutsogolo amanena ntchito ya munthu: kafundisha ndi mphunzitsi, kalemba ndi mlembi. Kapolomya ndi munthu amene ntchito yake ndi imeneyo.

Dzinalo ankaliimba ponyamula machila, ndipo bwana analimva. Anaitana womasulira wake, Yotamu, munthu wakwathu ku Nyasalande, wophunzira ku mishoni. Chikoti chinali pa tebulo. Yotamu sanafune kunama, poti anali wobatizidwa, komanso msana wake ankaukonda. Anatembenuza mawuwo m'mutu kupita m'chinenero chathu, anapeza "wotsegula m'mimba," n'kuwadula pakati.

"Akuti Wotsegula, bwana."

"Wotsegula chiyani?"

"Bwana akudziwa okha chimene atsegula."

Bwana anaganiza pang'ono, n'kumwetulira. Njira! Kuyambira tsiku limenelo ankasaina nalo makalata opita kwawo. Atamwalira, anzake anamuimikira chiboliboli pa mphambano ya ku positi, dzanja limodzi litaloza kumpoto, linalo litagwira pa lamba. Pansi pake pali zilembo zamkuwa zakuti KAPOLOMYA, ndipo m'munsi mwake analemba m'Chingelezi kuti Wotsegula Njira.

Mzinda wonse unkadziwa. Mwana aliyense akangophunzira kuwerenga ankatengedwa ndi anzake kupita ku mphambano kuti akawerenge yekha, ndipo ankabwerako atagwira nthiti. Koma panali lamulo limene palibe analilemba: mzungu sauzidwa. Ansembe achizungu odziwa Chibemba ankadziwa okha, koma iwonso Pallister sankamukonda, ndiye anangoti chete. Ufulu utabwera, anyamata a chipani anafika ndi zingwe kuti agwetse chibolibolicho. Okalamba anawauza kuti ayambe awerenga chimene chalembedwa. Anawerenga, n'kubwerera ndi zingwe zawo. Munthuyo anatikwapula, anatilipiritsa msonkho, anatisiya m'dambo, koma ife tinamuimika pa mphambano atanyamula yekha chitukwano chake, ndipo abale ake ankabwera kudzaika maluwa. Chilango chake chinali chimenecho, ndipo chinkatikwanira.

Kapembwa Shula anabadwira m'komboni ya kuseri kwa ndende. Sukulu anailekera panjira, anagwirako umesenjala, ndipo khonsolo itaganiza zosandutsa nyumba ya Pallister kukhala yosungiramo zinthu zakale, iwo ndiwo anapatsidwa makiyi. Anawasankha chifukwa cha agogo awo, Nkweto, bambo a mayi awo. Ba Shula ankauza aliyense kuti agogo awo ndiwo ankanyamula mpando wa bwana. Nawonso, monga Yotamu, sankanama. Ankangodula pakati.

Ntchitoyo inabwera ndi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba, zimene kale zinali khitchini ndi sitolo ya bwana. M'menemo ndimo analowetsa mkazi wawo, Bana Chomba, ndimo munabadwira ana awo anayi.

M'nyumba yaikuluyo munalibe zambiri: bedi lachitsulo, chipewa, mfuti yosawomba, zithunzi zitatu, ndi mpando uja. Unali wa thabwa lofiira lolemera, wa mkuwa m'makona, wopinda kuti unyamulike. Pakati pake panali bowo lozungulira, ndipo pansi pa bowolo panali kathabwa koikapo ndowa. Ndowayo inasowa kalekale. Sabata yoyamba pa ntchito, Ba Shula anauyang'ana mpandowo nthawi yaitali, n'kupita kuseri kukalankhula ndi mkazi wawo. Bana Chomba anang'amba katani yakale yobiriwira, anasoka khushoni yonenepa ya zingwe m'makona onse anayi, n'kuimanga pansi pa mpando ndi mfundo zimene ankamangira mbuzi. Ba Shula analemba pa kakatoni kuti: Pa mpando uwu Bwana Pallister anakhala pamene ankaganiza zoyambitsa mzinda uno.

"Pamenepo simunaname," anatero NaJere atamuwerengera.

NaJere ndi Mngoni wa ku Chipata amene ankaotcha chinangwa ndi mtedza pa geti. Mngoni ndi Mbemba ndi mbuya, ndiko kuti abale a nthabwala, amatukwanana popanda mlandu, ndipo awiriwa ufulu umenewo sanaulole kuti uchite dzimbiri.

"Mwadzuka bwanji, a kapitawo a chimbudzi?"

"Ino ndi nyumba ya mbiri, iwe wodya mbewa. Kwanu mbiri mukanaidziwira kuti? Mumangodziwa mauna."

"Mbewa timadya, inde, koma pamene inakhalapo sitipaka polishi. Bwana wanu wagona bwanji? M'mimba mwaleka?"

"Sunthira uko mbaula yakoyo. Utsi ukulowa m'chipinda cha bwana."

"Fungo la kale lija linatha kuti lero mudandaule utsi? Tengani chinangwa ichi, wodya anyani inu, mungagwe ndi tayi yanuyo."

Ankatenga. Tsiku lililonse ankatenga, n'kukadyera kuseri kuti alendo asawaone akutafuna.

Alendowo anali ochepa, mwina atatu pa mwezi. Ba Shula ankawayendetsa chipinda ndi chipinda, manja kumbuyo, akulankhula Chingelezi chimene anachiloweza m'buku. Mzungu akafunsa za dzina lija, iwo ankaika dzanja pachifuwa.

"Wotsegula Njira, mukwai." Mukwai ndi mawu aulemu a Chibemba.

NaJere ankayang'ana makala ake, ine nsapato yanga. Mzinda unkawaseka Ba Shula, koma unkawafunanso, chifukwa nthabwala ya zaka zana imafuna munthu mmodzi woinena osaseka. Vuto linali lakuti iwo kusaseka anakuzolowera. Ndikuganiza kuti pofika chaka cha makumi awiri anali atayamba kukhulupirira. Ankathamangitsa ana oseka pa mphambano. Ankati bwana anali munthu wolimba mtima, anadwalako pang'ono ngati munthu aliyense, ndipo kukanapanda iye bwenzi tonse tikukhala m'mitengo. Tsiku lokumbukira imfa ya bwana ankavala tayi yakuda. Tsiku la imfa ya Nkweto sankalidziwa.

Bana Chomba atamwalira, ana anapita ku Kitwe mmodzimmodzi. Anayesa kuwatenga bambo awo, koma anakana. Mkazi wawo anasiya mtengo wa mandimu pakhomo ndi makina osokera pakona, ndipo Ba Shula ananena kuti m'zipinda zimenezo adzatulukamo atanyamulidwa.

Chaka chimene mzinda unkakwanitsa zaka zana, khonsolo inagamula kuti nyumbayo igwetsedwe, pamalopo pakhale siteshoni ya mabasi. Amene anabweretsa kalata anali Khansala Kangwa, munthu wa zaka zochepa ndi mimba yaikulu, amene mlamu wake anali ndi mabasi atatu. Anaima pa geti, ndipo ndinamva zonse. Ankawatchula Ba Shula kuti shikulu, ndiko kuti agogo.

"Shikulu, tinene zoona. Nyumba iyi alendo ake ndi mileme."

"Nanga ine ndipita kuti?"

"Muli ndi ana ku Kitwe."

"Ku Kitwe agona asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi. Ndikagona pa denga?"

"Denga ndi limene tikunenalo. Ili likudontha, ndipo khonsolo yatopa nalo. Koma mverani. Pa chikondwerero kukubwera wa ku banja la mzungu wanuyo. Akavomera kuti banja lawo liziisamala nyumbayi, ife tisiya. Akakana, miyezi itatu, tigumula. Ndiye mumusangalatse, shikulu. Mumupatse Wotsegula Njira wa mafuta."

Anaseka yekha, n'kugula mtedza kwa NaJere, n'kupita.

Masabata asanu ndi limodzi Ba Shula sanapume. Miyala yonse ya m'mbali mwa njira anaipaka laimu, ngakhale imene inali itakwiririka anaikumba kuti aipake. Mileme anaithamangitsa ndi nsungwi. Mpando anaupukuta mpaka munthu n'kumadziona nkhope m'mikono yake. Kutatsala masiku atatu anawoloka msewu atanyamula nsapato zawo zakuda.

"Mune, mnzanga, uzisoke kuti zisalire poyenda."

Ndinaziyang'ana. Zidendene zinali zitadyeka mbali imodzi, monga zimachitira kwa munthu amene waima zaka zambiri atapendekeka pang'ono kulemekeza wina.

"Akandifunsa dzina lija, ndiyankha monga mwa masiku onse," anatero.

Ine sindinawafunse. Anabwerezanso kachiwiri, kenako anatembenukira kwa NaJere.

"Iwe Mngoni, tsiku limodzi lokha. Pakamwa pakopo."

"Ine? Zaka makumi atatu pa geti pano, ndinauzapo mzungu? Ndine Mngoni, koma madzi ndimamwa a Kasenshi, ndi m'mimba momwe ananditsegulapo. Inu pukutani chimbudzi chanu."

Mlendoyo anali Harriet, mdzukulutuvi wa Pallister. Mawu amenewo sindinawapange ine. Tinkayembekeza dona wamtali wa chipewa, koma m'galimoto munatsika mayi wamfupi wa imvi, wa nsapato zafulati zotambasuka kutsogolo. Ndinazindikira nsapato za munthu amene ntchito yake ndi yoimirira tsiku lonse. Ana a sukulu anaimba, khansala analankhula mpaka dzuwa linafika pamutu, mayiyo anaika maluwa pa mphambano, anthu onse nkhope zili gwa ngati pa maliro a mfumu. Kenako gulu linabwera ku nyumba. Ndinatseka bokosi langa, ndinawoloka msewu, n'kukaima pa windo pambali pa NaJere.

Ba Shula sanalakwitse liwu limodzi. Bedi, chipewa, mfuti, zithunzi. Nsapato sizinalire. Atafika pa mpando anawerama, n'kutambasula dzanja.

"Khalanipo, mukwai. Ndi wa agogo anu."

Mayiyo sanakhale. Anayang'ana miyendo ya mpando, anayang'ana kathabwa ka pansi, kenako anagwada n'kupisa dzanja.

"Mundilola?" anafunsa.

Mfundo za Bana Chomba zinali zitagwira zaka makumi atatu ndi zitatu, koma zala za mayiyo zinali zodziwa ntchito. Anamasula zonse zinayi, anachotsa khushoni, n'kuiika pa windo, pafupi ndi chigongono changa. Bowo linangoti yasa, thabwa lozungulira pamenepo lili loyera kuposa kwina konse. Khansala anatsokomola.

"Ine ndagwira unamwino zaka makumi atatu, kusamala okalamba," anatero mayiyo. "Mpando wotere ndingauzindikire nditatsinzina. Ndowa yake ili kuti?"

"Inasowa, mukwai."

"Ankakataya ndani?"

Akanatha kunena kuti sakudziwa.

"Nkweto. Agogo anga."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zisanu ndi zitatu, mukwai. Bwana sanachire kwenikweni."

Mayiyo anadzuka, n'kusasa maondo. "Makalata ake onse ndili nawo kunyumba, ndinawawerenga. Galu wake anamutchula pafupifupi m'kalata iliyonse. Bulu wakenso alimo, ndi tsiku limene anafa. Nkweto sindinamuone."

"Mwina analemba kuti kapitawo wanga," anatero Ba Shula. "Kapena wonyamula mpando."

"Ayi. Mulibe."

Sanalankhule mwankhanza. Anangonena monga anamwino amanenera zinthu. Ba Shula anayang'ana chithunzi cha bwana pakhoma, chimene anachipukuta m'mawa uliwonse kuyambira ali ndi tsitsi lakuda. Galu analidi pomwepo, pa mapazi.

"Nanga dzina lija?" anafunsa mayiyo. "Kapolomya. Lero pa mphambano anthu mazana anaima osaseka, koma ndinaona mapewa akugwedezeka. Limatanthauza chiyani?"

Khansala anawakodola Ba Shula ndi maso. NaJere anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Aliyense m'chipindamo ankadziwa chimene chili pa mlomo wa Ba Shula: zipinda ziwiri, mtengo wa mandimu, makina a Bana Chomba. Mkazi amene wangouzidwa kuti ulemu wa banja lake ndi chitukwano sagula malata. Dzanja lawo linakwera kupita pachifuwa monga mwa masiku onse. Linafika pa batani lachiwiri, n'kutsika.

Anayankha m'Chingelezi chawo cha tayi chija, pang'onopang'ono, mawu amene namwino aliyense amawadziwa. Anawonjezera kuti ka wa kutsogoloyo ndi wa ntchito. Ananena za masiku khumi ndi awiri, za tenti, za phiri limene bwana sanafikeko, za Yotamu ndi chikoti. Sanasiye kanthu. Anamaliza ataima njo ngati msilikali woyembekeza chipolopolo.

Mayiyo anatsegula pakamwa, anatseka. Kenako anaphulika. Anaseka mpaka misozi, ndipo poti m'chipindamo mpando unali umodzi, anakhala pomwepo, pa bowo.

"Pa Khirisimasi iliyonse," anatero akupukuta maso, "bambo anga ankakweza tambula n'kunena kuti ife ndife mbumba ya Kapolomya!"

Palibe Mbemba amene anaseka naye. NaJere anasiya mkono wanga, n'kubwerera ku mbaula yake.

Nyumba sinagwe. Patapita miyezi iwiri kunabwera malata atsopano. Banja la Pallister linavomera kuisamala, koma linati mbiri inenedwe yoona, khushoni isabwererepo. Nkhaniyo inalembedwa m'nyuzipepala ya kwawo, ndipo chilimwe chotsatira alendo anayamba kufika pa malole, anyamata ndi atsikana a makabudula, ofiira ndi dzuwa. Ankakhala pa bowo mosinthana, atakwinya nkhope, anzawo akujambula. Khansala Kangwa siteshoni yake anakaimanga pa bwalo la mpira la ana a sukulu. Mlamu wake anatsegula kagolosale pafupi ndi geti, n'kumagulitsa masikipa olembedwa KAPOLOMYA pachifuwa. Azungu ankagula awiriawiri.

Khansala yemweyo anaona kuti mpando wopanda ndowa sukukwana. Anagula ina ku msika, anaimenya ndi mwala, anaikwirira m'dambo sabata ziwiri, n'kuibweretsa kuti ndi yomwe ija, yapezeka.

Mzinda sunawakhululukire Ba Shula. Ku tchalitchi benchi lawo linayamba kukhala ndi malo. Akadutsa ku msika moni ankabwera mochedwa. Ana analeka kutengana kupita ku mphambano, poti chimene chalembedwa pa sikipa ya mlendo si chinsinsi, ndipo chibolibolicho chinasanduka chitsulo wamba chimene akhwangwala amaterapo.

"Zaka zana tikuseka tokha," NaJere anawauza. "Munthu akakukwiyitsa ku ofesi, unkangodutsa pa mphambano, mtima n'kutsika. Lero akuseka ndi iwo, ndipo akuseka mokweza kutiposa. Anatenga dziko, tinati chabwino. Tsopano mwawapatsa ndi chitukwano chomwe."

"Denga silikudontha," anatero Ba Shula.

"Inde, a kapitawo. Kudontha kunasamukira m'maso mwanu."

Koma chinangwa anawapatsabe.

Harriet anatumiza kachikwangwani kamkuwa koti kakhomedwe pambali pa mpando, kokumbukira munthu amene ankanyamula ndowa. Anachita bwino. Koma wozokota wa ku Ulaya analemba kuti Nkwento. Ba Shula anabwereka fayilo yanga, anakhala masana onse akupala n wowonjezerayo, ndipo mpaka lero pakati pa dzina la agogo awo pali chibowo chaching'ono chowala.

Mawu akuti "bwana wanga" sindinawamvenso. Ankangoti "uja." Tayi sanaivule. Alendo ankawakonda kwambiri, nkhalamba yaulemu yonena zonyansa ndi nkhope ya m'busa, ndipo akamva kuti ndi mdzukulu wa Nkweto weniweni ankapempha kuti ajambulidwe nawo. Wina anaganiza kuti chithunzi chingakome atagwira ndowa. Tsiku loyamba anakana. Khansala anabwera kudzawakumbutsa kuti zipinda za kuseri ndi za wogwira ntchito, ndipo ntchito ndi kusangalatsa alendo. Kuyambira pamenepo ndinkawaona pakhonde, tayi ili bwinobwino, ndowa ili m'manja, mzungu atakhala pa mpando pambali pawo akuseka.

Anainyamula zaka zisanu ndi zitatu. Ndinawerenga. Sindikudziwa ngati iwo anawerenga.

Anamwalira m'mawa wina wa mwezi wa Juni, m'chipinda chawo, atavala kale nsapato imodzi. NaJere ndiye anawapeza, ataona kuti mawindo a nyumba yaikulu sanatsegulidwe.

Pa maliro a Mbemba, Angoni ndiwo eni bwalo. Amaphika, amakumba manda, amapaka anamfedwa ufa kumaso, ndipo malemu amamunyoza mmene angathere kuti olira apume. Anthu anabwera ambiri, ena amene anali asanawapatse moni Ba Shula kwa zaka, ndipo ndikudziwa chimene anadzera. Ankafuna kuona chimene NaJere achite. Ena ankanong'ona kuti abwera atasenza ndowa ija pamutu.

Nthawi yotseka bokosi itakwana, NaJere analowa m'chipinda, poti mbuya saletsedwa khomo. Anatuluka atanyamula khushoni yobiriwira, yopyapyala tsopano, zingwe zake zinayi zikulendewera. Anaipeza pa bedi, mbali imene ankagona Bana Chomba. Anakankha ana a ku Kitwe, n'kuwerama pa bokosi.

"Kweza mutu, wodya anyani iwe," anatero. "Moyo wako wonse unkavindikira manyazi a mzungu ndi katani ya mkazi wako. Lero tsamira wekha. Ndipo ukakamupeza uja kumeneko, akakuitana, umuuze kuti ndowa akataye yekha."

Anthu anaseka, koma osati mmene anakonzekerera.

Anatuluka m'zipinda zija atanyamulidwa, monga ananenera. Kuchokera pa geti kukafika ku manda ndi mtunda ndithu, kudutsa pa mphambano, kutsika ku dambo, kuwoloka Kasenshi. Onyamula anali asanu ndi mmodzi, ndipo sanawatsitse panjira ngakhale kamodzi.